Tepi ya Telala ndi Kanambala ka pa Khosi la Diresi

Citenje sicifunsa munthu saizi. Mamita awiri omwewo amakwana mtsikana wa ku sekondale, amakwana mai woyembekezera, ndipo ambuya akafuna kubereka mdzukulu kumsana amatenga comweco. Thupi likakula, pomangira pamangosendera pang'ono, nkhani n'kuthera pompo. Makolo athu anakulira m'dziko la nsalu yotere, ndipo pogula ankapima ndi mkono kapena ndi mkwamba, kutambasula manja onse awiri, osaganizako kuti ciuno ca munthu cingakhale ndi nambala. Koma diresi la pa mwambo ndi cinthu ca mtundu wina. Lili ndi misoko, lili ndi zipi, lili ndi nsalu ya mkati, ndipo silidziwa kunyengerera. Likakana lakana, ngakhale galimoto yopita ku chalichi ili kuliza kale hutala pabwalo.

Ife amene tikulemba pano sindife atelala. Ndife azimai a pa cibale amene kwa zaka zambiri takhala tikuperekeza ana athu, ana a abale athu ndiponso apongozi athu kukasoketsa ndi kukagula zobvala za pa ukwati, za tsiku lolandira digiri ndi za maphwando ena aakulu. Taona akwatibwi akuseka, taonanso ena akulira m'cipinda cobvalira pamene anamwali awiri akulimbana ndi zipi kumsana. Nkhani ya diresi ingaoneke yacabe pakati pa mabvuto onse a m'banja, koma taganizirani, okondedwa awerengi: ndalama zace kawirikawiri zimafanana ndi za matumba angapo a ufa, tsiku la mwambo silisuntha, ndipo cithunzi ca tsikulo cimakhala pa khoma mpaka adzukulu adzacione. Cimene taphunzira m'maulendo onsewa n'cakuti kanambala kosokerera pa khosi la diresi sikadziwa thupi la munthu. Imene imalidziwa ndi tepi.

Kanambalako kali ndi mbiri yace, ndipo kuidziwa kumacepetsa mantha. Kale cobvala ciliconse cofunika cinkasokedwa pa thupi la mwini wace. Mafakitale atayamba kusoka madiresi ambirimbiri kuti agulitse kwa anthu amene sanawaonepo, panafunika njira yogawira matupi m'magulu. Ku America, m'zaka za 1939 ndi 1940, boma linapima azimai pafupifupi 15,000, ndipo Ruth O'Brien ndi William Shelton anasindikiza zotsatira zace mu 1941. Mipimo imene anawerengera inali ya azimai acizungu okhaokha. Pa maziko amenewo, mu 1958, anakhazikitsa ndondomeko ya masaizi, koma makampani sanaitsate kwenikweni, ndipo mu 1983 inathetsedwa. Masiku ano kampani iliyonse imadziikira manambala ace. Ambiri a iwo anazindikira kuti mkazi amakondwa akakwana m'nambala yaing'ono, motero pang'onopang'ono anayamba kukulitsa madiresi, nambala n'kuisiya yomweyo. Ndico cifukwa cace saizi 12 ya m'ma 1970 ndi yaing'ono poiyerekeza ndi saizi 12 ya lero. Tikakumbukira kuti palibe mkazi wa ku Katete kapena wa ku Petauke amene anaimapo pamzere wa opimidwa aja, timadabwa kuti n'cifukwa ninji timalola kanambalako kutiweruza.

Maiko naonso sagwirizana. Diresi limene ku Britain amalilemba 12, ku America nthawi zambiri ndi 8, ku South Africa ndi 36, ku Germany 38, ku France 40, ku Italy 44. Tsono ife kuno ku Zambia timalandira zonsezi pamodzi. Kucokera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, makamaka malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, mabelo a salaula anadzaza misika yathu, ndipo belo limodzi likatsegulidwa pa Soweto ku Lusaka kapena pa Kapata ku Chipata, mumatuluka madiresi a maiko osiyanasiyana ndi a zaka zosiyanasiyana. Komabe pa salaula pali ubwino umodzi, wakuti diresi lili m'manja mwako. Ngakhale pasakhale malo oyeserapo, ukhoza kuliyala, kupima kucokera m'khwapa kufika m'khwapa linzace, n'kuwirikiza kawiri, ndipo wadziwa kukula kwa cifuwa cace. Mmodzi wa ife sacoka panyumba popanda tepi m'cikwama. Ogulitsa amamuseka, koma sanabwerepo ndi diresi loti akapatse mwana wa mnansi.

Bvuto lalikulu labwera ndi foni. Mtsikana amaona diresi pa Facebook kapena pa WhatsApp, amalipira theka la mtengo, ndipo wina amaliitanitsa ku China, ku Turkey kapena ku Johannesburg. Mwana wa mlongo wathu anacita zomwezo pokonzekera kuperekeza mnzace ku ukwati. Wogulitsa anangomufunsa kuti, "Mumabvala saizi yanji?" Iye anayankha kuti L, pakuti mabulauzi ace onse ndi L. Diresi linafika kutatsala masiku 9, lokongola ndithu, lobiriwira ngati tsamba la mango, koma zipi inakaima pakati pa msana. Zobvala zambiri zosokedwera misika ya ku Asia zimakhala zazing'ono kuposa za ku Ulaya za cilembo comweco, ndipo wogulitsa uja sanamuuze zimenezi. Kubweza sikunatheke. Telala wa pa msika anadula nsalu ku mpendero n'kuika mapisi m'mbali, mwana anabvina nao bwinobwino, koma diresi linafupika ndipo misoko yatsopano inkaonekera patali. Wogulitsa wokhulupirika amafunsa masentimita a cifuwa, a ciuno ndi a mahipi, ndipo amatumiza mndandanda wa mipimo ya diresilo, umene iwo amauchula chati. Amene akana kutumiza chati, ndalama zanu zikhale kaye m'thumba.

Kupima kumene si nchito yobvuta, koma kumafuna kudekha, ndiponso kumafuna munthu waciwiri. Munthu akamadzipima yekha amawerama kuti aone nambala, amatukula phewa, ndipo kumsana tepi imatsetsereka iye osaona. Itanani mng'ono wanu kapena mnzanu amene simucita naye manyazi. Poyamba yesani tepiyo pa rula ya mwana wa sukulu, pakuti tepi imene yagwira nchito zaka zambiri imatalika, ndipo tepi yotalika imakupatsani nambala yocepa kuposa yeniyeni. Onaninso mbali imene mukuwerenga. Tepi zambiri zili ndi mainchi mbali imodzi ndi masentimita mbali inayo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, motero cifuwa ca mainchi 36 ndi masentimita pafupifupi 91. Atelala athu ambiri akali kugwira nchito ndi mainchi, pamene machati ambiri a pa intaneti amalemba masentimita, ndiye polemba nambala lembaninso pambali pace kuti ndi ciani.

Bvalani zamkati zimene mudzabvale pa tsikulo, makamaka bra, cifukwa ina imatukula cifuwa ndi kucionjezera pamene ina imacicepetsa. Musapime pamwamba pa juzi kapena pa citenje copinda. Imani mowongoka, mapazi pamodzi, manja pansi, ndipo pumani monga mwa nthawi zonse. Cifuwa cimapimidwa pamene maere atukuka koposa, tepi itazungulira kumsana mosapendekeka, ngati lamba wa mgolo. Ciuno ndico cimasokoneza ambiri. Ife tinazolowera kunena kuti ciuno ndi pamene timamanga citenje kapena pamene siketi imakhala, koma ciuno ca telala cili pamwambapo, pakati pa nthiti zomaliza ndi mafupa a m'mbali, kumtunda pang'ono kwa mcombo. Mukapendekera kumbali, pamene thupi lapindika ndi pomwepo, ndipo ena amamangapo kacingwe kuti asapataye. Mahipi amapimidwa pamene thupi latambalala koposa, kuphatikizapo kumbuyo, ndipo kwa azimai ambiri a kwathu kuno apa ndiye pagona mlandu. Tepi igwire thupi koma isalowe m'mnofu; cala cimodzi cizitha kulowa pansi pace. Pimani kawiri, ndipo manambala akasiyana pimaninso kacitatu.

Utali wa diresi lalitali umayambira pa kadzenje ka m'munsi mwa khosi, pakati pa mafupa awiri aja, kutsika molunjika mpaka pamene mukufuna kuti mpendero uthere. Apa nsapato za tsikulo zikhale kumapazi, pakuti cidendene ca masentimita 7 cimasintha zonse. Diresi la manja limafunanso mpimo wa mapewa, utali wa dzanja, ndi kuzungulira kwa mkono pamene wanenepa koposa. Mpimo wotsirizawu anthu amauiwala kawirikawiri, koma taona diresi lokwana pena paliponse likubwerera m'sutukesi cifukwa mwini wace sanathe kupinda cigongono.

Tiyenera kunenapo za cinthu cimene sicilembedwa pa chati iliyonse. Tepi ikazungulira, azimai ambiri amakokera mimba mkati. Ena amati, "Iai, mwalakwitsa, pimaninso, ine sindinafikepo 40." Ena amauza telala kuti alembe nambala ya caka cimene anakwatiwa. Timawamvetsa, pakuti kuyambira pa utsikana amamva anthu akunenapo za matupi ao, wina kuti waonda, wina kuti wanenepa, ngati nkhani ya pa citsime. Koma thupi limene labereka ana anai, layamwitsa, lasenza mitolo ya nkhuni ndi ndowa za madzi, lili ndi ufulu wosintha, ndipo nambala yace si cigamulo ca pa bwalo la mfumu. Telala wina wacikulire amene anatisokera zaka zambiri ankapima mwakacetecete, n'kulemba m'buku lace osachula nambala mokweza, ndipo mai akafunsa ankangoti, "Amai, nsalu yakwana." Ife timaona kuti umenewo unali ulemu weniweni, ndipo atelala acinyamata amene amafuula mipimo ya munthu pamaso pa anthu odikira pa benchi akadaphunzirapo. Palinso azimai amene safuna kupimidwa ndi telala wamwamuna, ndipo sitiona colakwa. Apimidwe kunyumba ndi mnzao, apite ndi pepala, atengekonso diresi limene limawakwana bwino kuti telala ayerekezerepo.

Mipimo ikakhala pa pepala, muiyerekeze ndi chati ya amene anasoka diresilo, osati chati ina iliyonse. Funsaninso ngati manambala a pa chatiyo ndi a thupi la munthu kapena a diresi lenilenilo, cifukwa diresi la nsalu yosatanuka liyenera kuposa thupi ndi masentimita angapo pa cifuwa ndi pa mahipi, kuti mwini wace athe kupuma ndi kukhala pansi. Diresi lofanana ndendende ndi thupi lanu ndi lothina kale. Kawirikawiri mudzapeza kuti mipimo yanu itatu sigwera m'saizi imodzi: cifuwa cili mu 12, ciuno mu 14, mahipi mu 16. Ici si cilema ai. Azimai ocepa cabe ndiwo amafanana ndi cidole ca m'sitolo. Cimene ife timatsata ndi kusankha saizi ya mpimo waukulu, n'kupita kwa telala kuti acepetse kwinako. Pokhapokha ngati diresi ndi lotambalala kucokera m'ciuno ngati ambulera, pamenepo mahipi alibe mlandu, cifuwa ndi ciuno ndizo zilamule.

Cifukwa cace cili m'masamu a msoko. Saizi imodzi imasiyana ndi inzace pafupifupi masentimita 5 kuzungulira thupi. Telala wosoka mwadongosolo amasiya nsalu ya sentimita imodzi ndi theka mkati mwa msoko, koma mafakitale ambiri amadula n'kusiya yocepa kuposa pamenepo. Diresi lili ndi misoko iwiri ya m'mbali, ndipo msoko uliwonse umalumikiza nsalu ziwiri. Ngakhale mutatulutsa sentimita imodzi pa nsalu iliyonse, mwapeza masentimita 4 cabe, osakwana ndi saizi imodzi yomwe. Pa satini, mabowo a singano yakale amatsala akuoneka ngati njira ya nyerere, ndipo pa lesi kapena pa mikanda nchito yace ndi ya manja, yocedwa ndi yodula. Kucepetsa ndiye kosabvuta, pakuti nsalu ilipo, telala amangoilowetsa mkati. Komabe nakonso kuli ndi malire. Diresi lokula ndi masaizi atatu limataya maonekedwe ace, m'khwapa mumagwa, ndipo mapewa, amene ndi obvuta koposa kukonza, amalendewera. Madiresi a akwatibwi ali ndi khalidwe laolao: ambiri amasokedwa aang'ono kuposa zobvala za masiku onse, motero mkwatibwi asadzidzimuke akauzidwa nambala yaikulu kuposa imene anazolowera.

Pali ciyeso cimodzi cimene timacikana nthawi zonse m'banja mwathu, cogula diresi laling'ono poyembekezera kuonda tsiku lisanafike. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pa cala ngwa mphepo. Thupi limene muli nalo lero ndilo lodziwika. Miyezi yokonzekera ukwati, ndi misonkhano yace ya komiti ndi nkhawa za ndalama, imaondetsa ena ndi kunenepetsa ena, ndipo palibe amene amadziwiratu mbali imene adzagwera. Mukaonda, telala adzacepetsa m'tsiku limodzi. Mukapanda kuonda, mwataya ndalama, ndipo mwakhala miyezi itatu mukuopa mbale ya nsima popanda cifukwa. Mai woyamwitsa kapena woyembekezera auze telala poyera, amuuzenso kuti pa tsiku la mwambo adzakhala mwezi wacingati. Pali masitayelo a ciuno capamwamba, coyambira m'munsi mwa maere, ndiponso a zingwe zomanga kumsana m'malo mwa zipi, amene amapereka mpata wabwino.

Anamwali operekeza mkwatibwi ali ndi bvuto laolao. Wina ali ku Kitwe, wina ku Lundazi, wina ku Livingstone, ndipo onse amatumiza mipimo pa foni kwa telala mmodzi wa ku Lusaka. Manja asanu ndi limodzi apima, lililonse mwa njira yace: uyu wathinitsa tepi, uyo wapima ciuno pa mahipi. Matroni wanzeru amauza mtsikana aliyense kuti akapimidwe ndi telala wa kufupi ndi kwao, ndipo amapempha wosoka kuti asiye nsalu yokwanira m'misoko ndi ku mpendero.

Amene akusoketsa diresi la citenje, monga amacitira amai ambiri a mkwati ndi a mkwatibwi, ali ndi mwai, pakuti lonse likusokedwa pa mipimo yao ndipo kanambala ka pa khosi kulibe. Akumbukire cabe kuti nsalu ya thonje imabwerera ikacapidwa koyamba, motero ndi bwino kuiviika, kuiyanika ndi kuisita telala asanaikepo lumo.

Tsiku loyesa diresi likafika, musangoima pa kalirole n'kuzungulira kamodzi. Diresi lililonse lothina limaoneka bwino malinga munthu waima cilili osapuma, koma mwambo wa kwathu suli woimirira. Mkwatibwi amagwada m'chalichi, amagwadira apongozi powapatsa keke. Amai ace amakhala pa mpando maola anai, amanyamuka kukabvina, amatukula manja poimba nthungululu, amawerama kukumbatira ambuya amene akhala pa mphasa. Motero poyesa khalani pa mpando, gwadani maondo onse awiri n'kudzukanso osagwira khoma, tukulani manja, weramani ngati mukutola kanthu, kwerani sitepe imodzi kapena awiri. Makwinya opingasa pa cifuwa kapena pa mahipi amasonyeza kuti pathina, pamene makwinya otsika amasonyeza kuti nsalu yaculuka. Siketi ikamakwera yokha poyenda, mahipi akupempha mpata. Pong'ambika pa kumbuyo kapena pambali, pamene atsikana amati siliti, muziyang'ane mutakhala ndi mutawerama, pakuti pamene panaoneka paulemu mutaima pakhoza kukucititsani manyazi pamaso pa akulu. Tengani munthu wolankhula zoona. Mnzanu amene amati "zakukhalani" pa ciliconse musiyeni kunyumba tsiku limenelo.

Za nthawi sitinena zambiri. Diresi loitanitsa kunja lifike kutatsala mwezi wathunthu kapena kuposa, pakuti m'miyezi ya maukwati ndi kufupi ndi Khrisimasi atelala amakhala ndi milu ya nchito, ndipo magetsi akazima makina ambiri amaima. Kuyesa komaliza kukhale sabata imodzi kapena ziwiri tsiku lisanafike, ndi nsapato zomwezo ndi zamkati zomwezo. Pepala la mipimo lilembedwe deti, cifukwa pakapita miyezi 6 liyenera kukaikiridwa. Ife timasunga mipimo ya banja lonse m'kope limodzi, tsamba lililonse munthu wace, ndipo masamba a atsikana ndi odzaza ndi manambala ofufuta. Tsamba la azakhali athu, amene anabvomera kupimidwa koyamba atapitirira zaka 70 cifukwa ca ukwati wa mdzukulu wao, lili ndi mzere umodzi wokha. Pansi pace analamula kuti tilembe kuti diresilo lifike m'akakolo, ndipo likhale ndi thumba loikamo mpango ndi ndalama ya copereka.